Kalata kwa akuluakulu a makhonsolo ndi a zaziweto: munthu akalephera kusunga galu wake apite naye kuti?

Kwa a Meya ndi makhansala a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, mabwana ma DC, komanso inu akuluakulu a nthambi yoona zaumoyo wa ziweto ku unduna wa zaulimi,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga nonse. Ine ndi munthu wamba, ndimakhala ku Lilongwe kuno, ndimaweta agalu ndi mphaka, nde poti anthu a kudera kwathu amadziwa kuti ndimakonda ziweto, foni yanga ndi imene imalira munthu zikamuthina ndi galu wake. Funso lake limakhala lomwelomwelo ndipo yankho logwira mtima ine ndilibe, n'chifukwa chake ndati ndilitule kwa inu eni mudzi. Munthu amene walephera kusunga galu wake, osati chifukwa cha nkhanza ayi koma zinthu zangomuvuta basi, apite naye kuti?

Ndinene kaye izi poyamba chifukwa ambiri mukamakamba za agalu oyendayenda mumayamba ndi kudzudzula eni ake. Anthu ambiri amene amataya agalu si oipa mtima. Wina wapatsidwa tiransifa achoke ku Lilongwe apite ku Karonga kapena ku Nsanje, katundu wakwera lole ya hayala yodzadza mpaka pamwamba ndipo kumene akupitako akafikira kaye kwa mnzake. Wina lendi yamukulira wapeza nyumba yotchipa ku Area 36 kapena ku Chinsapo, koma ndi pa puloti ya mdadada, mabanja asanu ndi limodzi bafa imodzi, alandilodi anena kale tsiku loyamba kuti pano galu ayi. Wina wanyamuka wa ku Joni kukasaka maganyu, galu wamusiyira mlamu wake amene sanamufunepo n'komwe. Wina ntchito yatha basi. Kuchokera muja kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, madeya ndi bonya zomwe tinkaphikira agalu zija zinakwera mtengo mpakana pali makomo ena madeyawo akudya ndi anthu, nde galu adye chiyani. Kenako pali maliro. Mwini galu wamwalira, achibale agawana mipando, mbale, njinga, wailesi, koma pofika pa galu aliyense wayang'ana kumbali, nyumba yakhomedwa, galu watsala pakhonde kudikira munthu amene sadzabweranso.

Ndipo anthuwa sayamba ndi kutaya, amayamba ndi kufunsa. Amaika pa sitetasi ya WhatsApp, amalemba pa gulupu ya kutchalitchi, amafunsa alonda a mu mzere wawo. Kakhala kamwana kagalu ka ubweya wambiri kamapita tsiku lomwelo. Koma galu wamkulu wa zaka zisanu, wachikuda, makamaka akakhala wamkazi, palibe amayankha, onse amati adzatibalira ana pakhomo tidzawatani, ena amati galu wamkulu sazolowera. Mwezi ukutha, makiyi akufunika pa 30, munthu uja zamuthera.

Mayi ena oyandikana nafe amuna awo atamwalira anasamukira ku kachipinda kamodzi kwa achemwali awo. Galu anali wa malemuwo, anamulera kuyambira ali kamwana, ankawaperekeza mpaka pa siteji m'mawa uliwonse. Mayiwo anafunsa paliponse osapeza womutenga, mapeto ake anapatsa mnyamata wina wa njinga ndalama ya sopo, anamulowetsa galuyo mu thumba la feteleza mutu wokha uli kunja, kumumangirira pa kaliyala ndi malamba a chubu, ulendo wa kutali kuseri kwa dambo kuti asadziwe njira. Patapita masiku anabwerera yekha ku nyumba yakale ija, mapazi atang'ambikang'ambika, nthiti zikuwerengeka, khutu lili ndi bala lodzadza ntchentche, n'kugona pa geti. M'nyumbamo munali mutalowa kale anthu ena a ana ang'onoang'ono, anayamba kumugenda, ndipo ine sindingawanene chifukwa galu wachilendo wowonda wogona pa geti pako uli ndi mwana wokwawa ungaganize chiyani. Tinamutenga ife, tinamutsuka balalo, anakhala kwathu mpaka tinamupezera pokhala kwa bambo ena olima dimba. Mayi aja atamva anabwera kudzamuona, analira kwambiri, mawu awo anali oti nanga ine ndikanatani. Ine ndinasowa chowayankha mabwana, chifukwa zoona zake panalibe khomo lina lililonse lomwe ankalidziwa loti akagogode.

Ameneyo anachita mwayi. Ambiri sabwerera, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya galu mmodzi n'kukhala yanu. Galu wotayidwa safa tsiku lomwelo. Amapita kumene kuli chakudya, kumsika, kuseri kwa butchala, kumtaya, pa dzala la pasukulu, amakapeza anzake n'kumayenda chigulu. Akakhala wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, masiku 63 kapena kuposerako pang'ono, ana asanu kaya asanu ndi awiri pa ulendo umodzi, ndipo ana aakaziwo chaka chisanathe nawonso ayamba kubereka. Onsewa palibe amene adzawatengere ku katemera wa chiwewe chifukwa alibe mwini woti awagwire. Galu amene anali pakhomo, wozolowera anthu, woti mwana wa sitandade 4 akanatha kumukoka ndi chingwe kupita naye kokabayitsa, tamusandutsa tokha galu woti palibe angamuyandikire.

Za chiwewe mukuzidziwa kuposa ine koma ndizinenabe chifukwa kalatayi aiwerenganso ena. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo muno mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitengera kwa galu. Mwa anthu 10 aliwonse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi ndi ana osakwana zaka 15, chifukwa ana ndi amene amasewera ndi agalu, ndi aafupi amalumidwa kumaso ndi m'manja, komanso amabisa akakandidwa kuopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuopa madzi kuja, dovu, kubwebweta, ndiye kuti kwatha, palibe dokotala angamubweze. Chimene chimapulumutsa ndi kutsuka bala pompopompo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba jakisoni, ndipo si jakisoni mmodzi, umabwererako kangapo. Tsono taganizani mayi wa ku Mtandire kapena ku Mbayani, thiransipoti ya maulendo onsewo, geni yake yaima, pena kufika pa chipatala chaching'ono n'kumuuza kuti mankhwalawo atha pitani ku chachikulu. Zonsezi chiyambi chake mwina ndi thumba la feteleza lija pa kaliyala.

Chomwe chimandipatsa mphamvu yolemba ndi choti dziko lomwe lino tinaonapo kale kuti zinthu zimatheka boma likagwirana manja ndi mabungwe. Mu 2015 ku Blantyre a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, pamodzi ndi a BSPCA, bungwe la ku Blantyre loteteza ziweto ku nkhanza, a khonsolo ndi a nthambi yanu ya ziweto anabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20 okha ogwira ntchito, kudutsa mlingo wa 70 peresenti ya agalu onse womwe akatswiri amati ukafikidwa chiwewe chimasiya kufalikira. Loweruka ndi Lamlungu ankaima pa masukulu anthu n'kumabwera ndi agalu awo, mkati mwa sabata ankayenda khomo ndi khomo kutsata omwe atsala. Madokotala a pa Queens atawerengetsa anapeza kuti ana ofika ndi chiwewe anatsika kuchoka pa 12 m'zaka zitatu kampeniyi isanayambe kufika pa awiri okha m'zaka zotsatira. Ntchitoyi inafalikira mpaka ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Koma ine chomwe ndinatolapo ndi mizere ija, anyamata ndi atsikana ang'onoang'ono ataima padzuwa ndi agalu pa zingwe za chisalu, ena atanyamula tiana m'makatoni ndi m'mabeseni. Amalawi amawafuna agalu awo. Ukawabweretsera thandizo pafupi, laulere kapena lotchipa, m'chilankhulo chawo, amabwera okha osakakamizidwa. Nde ngati anabwera kudzabayitsa, angalephere bwanji kubwera kudzanena kuti ndathedwa nzeru, galuyu ndithandizeni.

Ndikudziwa yankho lachizolowezi agalu akachuluka mu tauni ndi chilengezo chija choti aliyense amange galu wake, oyendayenda awomberedwa. Ndikumvetsa kuti anthu akadandaula mumafuna kuoneka kuti mwachitapo kanthu. Koma a WHO omwewo ananena kalekale kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Amene amawomberedwa mosavuta ndi agalu ofatsa, ozolowera anthu, ambiri mwa iwo obayitsa kale omwe angotuluka pa mpanda, pomwe olusa enieni amathawa akangomva kulira koyamba kwa mfuti. Zinyalala kumsika zikadalipo, nde pakapita miyezi ingapo malo aja alowa agalu ena. Mwini amene galu wake waphedwa mawa lake akagula kamwana kena pamsewu kosabayitsa chifukwa akuba sanasiye kuba. Mwachotsa galu wa katemera mwaikapo wopanda katemera, zipolopolo ndi mafuta a galimoto zapita. Ndipo ana amaonerera zimenezi popita kusukulu.

Sikuti kulibiretu kothawira. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, omwe anayamba mu 2008, ali ndi chipatala cha ziweto, amabaya katemera, amathena ndi kutseketsa agalu ndi amphaka, amasunga ena n'kuwapezera makomo atsopano. Ku Blantyre kuli a BSPCA. Anthu amenewa akugwira ntchito yaikulu ndipo ndimawavulira chipewa. Koma awa ndi mabungwe oyendera thandizo la anthu akufuna kwabwino, makola awo ali ndi malire, sangalandire galu aliyense wa mu mzinda wa anthu oposa miliyoni. Nanga wa ku Mchengautuwa, wa ku Chinamwali, wa pa Kasungu, pa Mangochi, pa Luchenza, iyeyo apite kuti. Olo mu Lilongwe momwemo, munthu wa ku Area 23 alibe galimoto, kondakitala wa minibasi salola galu, wa kabaza amaopa kulumidwa, nde adutsa naye bwanji tauni yonse. Ntchito yomwe ikanakhala ya boma ndi makhonsolo tangoisiya m'manja mwa anthu ongodzipereka ochepa.

Chomwe ndikupempha choyamba si nyumba yayikulu ya mabiliyoni ayi. Ndi nambala ya foni. Tili ndi Chipatala cha pa Foni pa 929 ndipo anthu anachizolowera, nde chingavute n'chiyani kukhala ndi nambala imodzi, olo ya WhatsApp, pa khonsolo iliyonse, yomatidwa pa ofesi ya wodi, pa msika, pa chigayo, yolengezedwa pa wailesi za m'madera, yoti munthu aimbe asanafike poganiza za thumba. Ndipo woyankhayo akhale munthu wodziwa ziweto, mlangizi wa ziweto wa m'deralo, osati wongolemba dzina n'kunena kuti abwana kulibe.

Funso lake loyamba lisakhale loti mumubweretsa liti, likhale loti chavuta n'chiyani. Ine pa zomwe ndaona, mavuto ambiri omwe amatayitsa agalu ndi oti atha kukonzeka galu ali pakhomo pomwepo. Mayi watopa chifukwa galu wake amabereka chaka chilichonse kawiri ndipo agalu aamuna a mudzi wonse amadzagona pa geti pake usiku kumenyana, ameneyo akufunika opaleshoni yotseketsa basi, sakudziwa kuti iliko kapena mtengo wake wamukulira. Wina galu wake wamwamuna amadumpha mpanda kukagwira nkhuku za aneba mpaka nkhani yafika kwa amfumu, kumuthena ndi kukonza pomwe amatulukira kumachepetsa kuyendayendako. Wina galu wasosoka ubweya ndi mphere, nkhupakupa zadzadza m'makutu, akununkha, ana akumuthawa, anthu akuti watenga matenda oopsa mutayeni, pomwe ndi zoti mankhwala a masabata ochepa achira. Kale tili ana tinkapita nawo ku dibi Loweruka m'mawa, lero achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti zinaliko. Ndiye pali uja wa tiransifa kapena wogonekedwa m'chipatala amene akungofuna womusungira kwa mwezi umodzi kapena iwiri mpaka akhazikike. Anthu oti angasunge galu wa mnzawo kwa kanthawi alipo ambiri, ine ndi mmodzi, bola pakhale wotilumikiza komanso kathumba ka madeya.

Zikakanika ndithu kuti galu achoke, apo ndiye pafunika kaundula wa anthu ofuna agalu. Alipotu ambiri. Tayendani ku malo omwe anthu akumanga kumene, ku Area 49, ku Airwing, ku Mpemba, ku Dunduzu, aliyense akangoika zenera ndi chitseko akufuna galu. Alimi a madimba akufuna galu, osunga mbuzi ndi nkhuku akufuna galu. Anthu amenewa panopa amakagula pamsewu chifukwa sadziwa kwina. Mbali iyi kuli munthu akulira kuti galu wanga ndimusiyire ndani, mbali inayo kuli munthu akusaka galu wamkulu wodziwa kale kulondera, onse ali mu mzinda umodzi koma sakumana. Buku limodzi pa ofesi ya wodi kapena foni imodzi ya mlangizi ikhoza kuwakumanitsa popanda galuyo kugonako mu khola la boma olo usiku umodzi.

Koma kupereka kwake kukhale kwa dongosolo, chifukwa zongolemba pa Facebook kuti galu waulere abwere atenge zimathera poipa nthawi zambiri. Ena amatenga wamkazi kuti azingomubereketsa n'kumagulitsa ana mpaka atatheratu. Ena amakamumanga pa tcheni chachifupi pansi pa mtengo usana ndi usiku, madzi osamupatsa, ati kuti aluse. Nde galu asanachoke abayidwe katemera, athenedwe kapena atseketsedwe, khadi lake la katemera lipite naye limodzi, wina akaone kumene akupitako ngati kuli mthunzi ndi pogona, ndipo mwini wakale anene zoona zokhazokha, ngati galuyo analumapo munthu anene, ngati amagwira nkhuku anene, ngati sagwirizana ndi ana anene. Pakatha masabata awiri mlangizi aimbe foni kufunsa kuti zikuyenda bwanji, zikakanika galu abwerere, asakatayidwenso kachiwiri. Khadi lomwelo likhozanso kufewetsa mitima ya alandilodi ena. Sindikuti muwakakamize, nyumba ndi zawo, koma ambiri amakana chifukwa choopa chiwewe, phokoso ndi ana agalu pa puloti, nde atati aone pepala la khonsolo loti galuyu ndi wobayitsa, sabereka, mwini wake wasayinira kuti azitola zonyansa, ena akhoza kulola.

Malo osungirako agalu akufunikabe, a omwe eni ake amwalira, omwe atoledwa atagundidwa pamsewu, komanso oluma munthu omwe amafunika kuwayang'anira kwa masiku 10 kuti zidziwike ngati ali ndi chiwewe m'malo mongowapha ndi miyala. Malo muli nawo inu a khonsolo, kapuloti kakang'ono ndi makola ochepa a simenti okhala ndi madzi zikwanira poyambira. Koma ndikuchenjezeni mwaulemu, musamange khola ngati simunaike mu bajeti chakudya, mankhwala ndi malipiro a wosamalira. Khola lodzadza lopanda ndalama ndi loipa kuposa msewu, matenda a parvo aja otsegula m'mimba magazi akangolowa amasesa tiana tonse m'masiku ochepa. Chitani nawo mgwirizano a SPCA, ndikunena a LSPCA ndi a BSPCA aja, omwe akudziwa kale kayendetsedwe kake, inu muike malo, madzi ndi galimoto, iwo abweretse luso. Ku Bunda a LUANAR pano akuphunzitsa madokotala a ziweto athu athu, ku sukulu ya zaziweto ya Mikolongwe kumatuluka alangizi, achinyamata amenewa amafuna pophunzirira ntchito ndi manja, bwanji osawatumiza kumeneko ndi owayang'anira.

Pali nkhani ina yowawa yomwe sitiikamba. Alipo agalu ena okalamba kwambiri, odwala osachiritsika, kapena olusa moti sangapatsidwe kwa munthu wina aliyense. Panopa mapeto awo ndi tameki mu nsima, chingwe pa mtengo kapena mpini. Amene anaonapo galu akufa ndi tameki sangafune kuonanso, ndipo nsima yotsalayo imadyedwa ndi nkhuku, amphaka, pena kutoledwa ndi mwana. Dokotala wa ziweto ali ndi jakisoni womugoneka mwakachetechete m'kanthawi kochepa. Thandizo limeneli lipezeke pa mtengo woti munthu wamba angakwanitse, ndipo anthu auzidwe kuti liliko. Lamulo loteteza nyama ku nkhanza, Protection of Animals Act, tili nalo kuyambira nthawi ya atsamunda, koma kumuuza munthu kuti usachite nkhanza osamuonetsa njira ina ndi kungomuuza kuti akachitire usiku.

Za tiana togulitsidwa pamsewu ndinene pang'ono. Mumationa nonse mukamadutsa pa galimoto, mnyamata watinyamula m'mwamba dzanja ili kamodzi dzanja ilo kamodzi, dzuwa lili phwee, tina maso angotseguka kumene. Kamwana ka galu kamayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8. Tambiri timafa sabata yomweyo kwa wogula, totsala tosagulidwa tikakula pang'ono n'kusiya kukongola timasiyidwa mu ngalande pomwepo. Kuwathamangitsa anyamatawa kokha sikuthandiza, mawa abwereranso pa kona ina chifukwa nawonso akusaka ya ndiwo. Msika wawo udzatha tsiku lomwe wofuna galu adzadziwe kuti pali malo omwe angapeze wobayitsa kale, wathanzi, pa mtengo wochepa.

Amphaka ndiye osakamba, alibe owalankhulira n'komwe. Anthu amawafuna pa nthawi yokolola mbewa zikavuta mu nkhokwe ndi mu golosale, akabereka ana amaponyedwa mu chimbudzi kapena mu mtsinje, ndipo mphaka wosiyidwa pa nyumba yosamukidwa akayamba kulira usiku pa denga la aneba ena amayamba zoti ndi wa ufiti, mapeto ake kumuotcha. Nambala ija ikhalenso yawo.

Muikenso ziweto za pakhomo mu mapulani anu a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, anthu a ku Chilobwe, ku Soche, ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Nsanje anathamangira m'makampu a m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi zovala za m'thupi zokha, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Palibe akanaganiza za galu tsiku limenelo ndipo m'pomveka, moyo wa munthu ndiye woyamba. Koma madzi akaphwa agalu opulumuka amatsala m'mabwinja opanda chakudya, n'kumazungulira pa makampu pomwe pali ana ambirimbiri. Gulu laling'ono la alangizi a ziweto lokhala ndi katemera ndi chakudya likamafika sabata yoyamba yomweyo, ndi ana a mu kampu omwewo amene mukuwateteza.

Ndikudziwa ena mwa inu mukuti dziko lili pa moto, chimanga chakwera, m'zipatala mankhwala akusowa, mafuta akuvuta, uyu akutiuza za agalu. Ine ndimakhala m'dziko lomweli ndipo mavutowa akundikhudza ngati wina aliyense. Koma tawerengetsani bwino. Katemera wa galu mmodzi ndi wotchipa kutalitali poyerekeza ndi majakisoni a munthu mmodzi wolumidwa, omwenso timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe tikuti zikusowazo. Opaleshoni imodzi ya galu wamkazi imachotsa mu msewu agalu makumimakumi omwe akanabadwa. Dziko lonse lapansi linagwirizana zoti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo chaka chilichonse pa 28 September timavala malaya a kampeni n'kuyankhula bwino pa mwambo. 2030 yayandikira mabwana. Sitingafikeko uku mbali ina tikubaya agalu, mbali ina anthu akuwataya kuseri kwa dambo mwezi uliwonse ukamatha.

Kwa inu oyendetsa malo osungira ziweto, amene alipo ndi amene adzatsegulidwe, pempho langa ndi la kalandiridwe ka anthu. Kumakomboni ambiri amaganiza kuti malo amenewa ndi a azungu ndi a ku Area 10 kapena ku Namiwawa, oti ukapitako ndi galu wachikuda wowonda akakuseka kapena akakuitanira apolisi. Lembani zikwangwani ndi mauthenga anu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pitani pa wailesi, lankhulani ndi mafumu ndi mabuloko lida chifukwa milandu ya agalu imayambira kwa iwowo. Munthu akafika pa geti ndi galu wake pa chingwe, wayenda wapansi kuchokera kutali, musayambe ndi kumufunsa kuti munamutengeranji ngati simungathe kumusamala. Ameneyo ndi amene wachita bwino, anzake anakataya. Mukamuchititsa manyazi akauza mzere wonse ndipo palibenso adzabwere. Ngati pali ndalama yolipira posiya galu, ikhale yoti wosauka akhoza kukhululukiridwa, ndipo ngati makola adzadza muuzeni tsiku loti adzabwerenso ndi chomwe angachite podikira, osangoti malo atha.

A Meya ndi makhansala, nkhaniyi ikufunika ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wa khonsolo bajeti ikubwerayi isanatsekedwe, ndipo muitaneko a zaziweto, a zaumoyo, a SPCA, mafumu ndi ife oweta. Yambani ndi wodi imodzi pa mzinda uliwonse, Kawale kaya Ndirande kaya Chibavi, muike nambala, mlangizi mmodzi wa njinga yamoto, buku la ofuna agalu ndi tsiku limodzi pa mwezi la katemera ndi opaleshoni pa sukulu ya pulayimale, kenako pakatha chaka muwerenge kuti olumidwa ofika kuchipatala cha m'deralo achepa kapena ayi. Ife ofuna kuthandiza tilipo, ena tili ndi mipanda yoti tingasungireko galu kwa mwezi, ena ali ndi mapikapu oti angamunyamule Loweruka, mukangolengeza tsiku ndi malo tibwera kudzalembetsa.

Ine wanu,
Woweta agalu ndi mphaka, Lilongwe